Ama NyaManda ndi Zithunzi Ziwiri za Mitambo

Pa maliro a ama NyaManda anthu anayi anaimirira kuyankhula, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula ntchito yawo. Wina anati anali mayi wolimba mtima, azimayi a kumbuyo n'kugundana m'zigongono, chifukwa kuno ku Chintheche ukamva pa maliro akuti wolimba mtima udziwe kuti akunena wamakani. Wina anati ankakonda zamakono. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango, mwana wanga Wezi ali pamiyendo, ndikuyang'ana pakamwa pa aliyense woimirira, kuti mwina uyu anena, mwina uyu anena. Sananene. Tinaimba, tinakwirira, tinasamba m'manja, n'kubalalika.

Ndiye ndinena ndine. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, kunyumba timayankhula Chitonga, Chichewa changa n'cha m'kalasi ndi cha pa wailesi, koma ndilemba choncho. Ndipo ndikulemba mothamanga, chifukwa Loweruka likubwerali abale a amuna anga akufuna ndikwere boti ndi Wezi kupita ku chilumba cha Chizumulu kukavundukula chiliza cha apongozi anga, mwezi uno wa mphepo ya mwera, ndipo munthu yekhayo amene akanandiuza kuti kwera kapena usakwere tamuika m'manda masabata atatu apitawa.

Anali aafupi, bondo lakumanzere lotupa, ndodo yawo inali chidutswa cha nkhafi yothyoka. Pamkono ankavala wotchi yaikulu yachimuna, lamba wake ataboola kabowo kena ndi msomali kuti iwakwane. Zaka zawo zonse zamphamvu anagwira ntchito ya zanyengo pa bwalo lina la ndege, kuwerenga kutentha m'kabokosi koyera ka miyendo inayi, kutuluka panja ola lililonse kukayang'ana kumwamba n'kulemba mtundu wa mitambo, Lamulungu lomwe, Khirisimasi yomwe. Atapuma anabwerera kwawo kuno n'kupitiriza ngati palibe amene anawauza kuti ntchito inatha. Pakati pa munda wawo wa chinangwa anazika mtengo, pamwamba pake chitini choyezera mvula, n'kutchinga ndi kampanda ka bango. Eyiti koloko m'mawa uliwonse, kaya kwagwa mvula kaya kwauma mwezi wathunthu, ankapita kukasuzumira m'chitinimo n'kulemba m'kope. Tsiku lopanda mvula ankalemba ziro. Ankati ziro nayenso ndi nkhani, ndipo munthu wolemba masiku a mvula okha ndi wabodza, kungoti bodza lake ndi lochedwa kugwidwa.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha matewera. Ndinakwatiwa kuno kuchokera ku Limphasa, kwathu n'kwa mpunga, madzi amene ndimawadziwa ndi olekeza m'mawondo, kusambira sinditha, ndipo nyumba yathu inayandikana ndi munda wawo. Wezi ali ndi masabata awiri ndinaona kampanda kabwinobwino kali padzuwa, ndinayanikapo matewera anayi akudontha. Sipanapite nthawi ndinangomva ndodo ikugunda chitseko.

"Iwe wa mpunga! Madzi a matewera a mwana wakowa ndiwalembe kuti ndi mvula ya tsiku liti?"

Ndinagwada pakhomo, kupepesa. Iwo sankandimvera n'komwe, maso anali pa mwana. Anati ndamufunditsa ngati mbatata yowotcha, ndichotse bulangete limodzi. Kenako anati popeza ndaononga mvula yawo, chilango changa ndi kuwanyamulira kampando kupita pa chulu mawa m'mawa. Chilangocho sichinathe mpaka imfa yawo.

Chulucho chili kumapeto kwa mundawo, ndipo m'dera lathu lonse ndi pokhapo pamene netiweki imagwira osadukaduka. Mwana wawo wamkazi wa ku tawuni anawatumizira foni yaikulu ndi kasola kotchajira. Anthu ankaganiza kuti azionerapo zidzukulu. Iwo ankaonerapo mitambo. Anandiuza kuti kumwamba kutali, kupitirira kumene ndege zimafika, kuli makina otchedwa setilaiti amene amajambula dziko lathuli kangapo pa ola, ndipo mwa zithunzi zakezo iwo ankatsegula ziwiri, nthawi zonse ziwiri, osati chimodzi. Ophunzira amati china ndi vizibo, china ndi infuraredi. Iwo ankati chithunzi cha maso ndi chithunzi cha dzanja.

Poyamba sindinkamva kanthu, ndinkangovomera kuti ndisakalipiridwe. Ndinadzamva tsiku limene Wezi anakana bere. Ndinathamanga naye pa chulu ndikuti ama, taonani, akuoneka bwinobwino koma sakuyamwa. Iwo sanamuyang'ane nthawi yaitali, anangoika kuseri kwa dzanja pamphumi pake n'kundiuza kuti ndithamange ku chipatala pompano, osapita kaye kunyumba kukasintha zovala. Anali malungo. Mwana atachira anandikhazika pansi n'kundifunsa kuti tsiku lija maso anga anaona chiyani, ndipo dzanja lawo linamva chiyani. Apo m'pamene zinalowa. Chithunzi cha maso chimaona monga angaonere munthu atakhala kumwambako, kuwala kwa dzuwa kukagunda mitambo. Mtambo wonenepa umayera mbee, wopyapyala umaonekera pansi, nyanja imada. Koma dzuwa likalowa chithunzicho chimangoda chonse, n'kudikira mawa. Chithunzi cha dzanja sichiona kuwala ayi, chimamva kufunda ndi kuzizira, usana ndi usiku womwe. Chozizira chimachionetsa choyera, chofunda chakuda. Kumwamba kumazizira, ndiye mtambo wautali wofika m'mwambamwamba umayera, koma mtambo wa m'munsi, wofunda pafupifupi ngati dziko ndi madzi amene waphimba, umangooneka mbuu ngati phulusa lowaza pa nsalu yakuda, ndipo pa kagalasi ka foni ukhoza kuulumpha osauona. Ankati dzanja silingaone zidzolo, maso sangaone malungo, ndipo mayi amene amadalira chimodzi chokha amaika mwana.

Makani awo ambiri ankachokera pamenepa. Mwezi wa Malichi munthu wina anatumiza pa foni za azimayi a mpingo chithunzi cha dzanja chokhachokha, dziko lonse kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Usisya litayera, n'kulemba kuti chimvula chikubwera. Azimayi anathamanga kukaanula chinangwa chonyowa pa thandala n'kuchiunjika m'nyumba. Ama NyaManda anatsegula cha maso, n'kundionetsa mmene gombe lonse la nyanja likuonekera pansi pa kuyerako ngati munthu ali kuseri kwa neti ya udzudzu. Anati imeneyo ndi mitambo yopyapyala ya kumwamba kwenikweni, yozizira koma yopanda dontho. Anayenda khomo ndi khomo ndi ndodo yawo akukuwa kuti bwezani chinangwa padzuwa. Anawamvera awiri. Enawo anadya kondowole, nsima ya chinangwa, wonunkha chuku sabata yonse, ndipo m'malo mokwiyira wotumiza chithunzi uja anakwiyira ama NyaManda chifukwa chowaseka. Anasekadi, sindingabise. Kuseka kwawo kunali koipa, kokweza, kogwira m'mimba.

Sindikunena kuti sankalakwa. Tsiku la msonkhano waukulu ku Bandawe anauza anthu kuti anyamule maambulera, zithunzi zonse ziwiri zitayera kuvuma kwa nyanja, mtambo wa mabampu wokhala ndi mthunzi wake. Mtambowo unafera pakati pa nyanja, ku Bandawe kunawala tsiku lonse, anthu anabwerako atatuwa ndi fumbi, maambulera m'khwapa. Lamulungu lotsatira anaimirira okha panja pa tchalitchi n'kunena kuti ndinalakwa, ndinaona mtambo koma sindinadikire kuona ngati ukukula kapena ukufa. Ndani wina kuno anaimirirapo kunena choncho? Koma anthu mpaka lero amakumbukira maambulera aja, chinangwa chija anaiwala.

Mnzawo wokangana naye tsiku ndi tsiku anali ada Longwe, mwini boti lamatabwa la injini, munthu wokalambira pa madzi. Ada Longwe nyengo amaimva ndi phazi. Amaima m'madzi olekeza m'kakolo, kuyang'ana kumwera, chete, kenako amanena. Akadutsa pafupi ndi chulu ankaima dala.

"Ama NyaManda, kumwamba akuti chiyani lero? Mwawaimbira?"

"Akuti phazi lanu mulisambe, ada, likunama chifukwa cha litsiro."

"Foni yanuyo inanyowapo?"

"Phazi lanulo linafikapo ku Mozambiki?"

Koma ada Longwe akapita, iwo ankandiuza motsitsa kuti phazi limenelo ndisalinyoze, limamva mafunde aatali amene amatsogola mphepo isanafike, chinthu chimene zithunzi zonse ziwiri sizionetsa. Ankati mphepo siijambulika. Umangoigwira poona mmene yafoletsera mitambo ndi kumene ikuikankhira, ukatsegula zithunzi zingapo motsatizana.

Tsopano za tsiku lija, limene anthu anayi aja anazemba pa maliro.

Unali mwezi wa Julaye chaka chatha, Wezi ali ndi miyezi isanu. Uthenga unafika masana kuti apongozi anga amwalira ku Chizumulu, kwawo kumene anabwerera atamwalira amuna awo, ndipo kuika ndi mawa lake. Ku chilumba mitengo ndi yosowa, ndiye ana awo anayenera kupita ndi matabwa a bokosi, nkhuni ndi ufa. Anakonza zonse ndi alamu anga a Kondwani, akulu awo a bambo a Wezi, amene amagwira ntchito pa loji ina cha ku Makuzi yoyendetsa alendo pa boti. Anapangana ndi ada Longwe kuti tinyamuke kukangoyera, dzuwa lisanatuluke, monga amachitira aliyense wowoloka, kuti mphepo ya masana ikupeze utafika. Za ine panalibe kufunsa. Mkamwana sajomba maliro a apongozi ake, ndipo mdzukulu ayenera kukaponya dothi ngakhale ndi dzanja logwiriziridwa. Wailesi inali itanena za mwera, koma wailesi imanena za mwera Julaye yense, ndani amaleka maliro a mayi ake chifukwa cha wailesi?

M'mawa umenewo nyanja inali phee, yosalala ngati mafuta. Boti linadzaza, nkhuni kutsogolo, matumba a ufa pakati, matabwa m'mbali, anthu pamwamba pa zonsezo. Ine ndinali nditakwinya kale chitenje, phazi limodzi m'madzi, Wezi kumsana, pamene ndinamva ndodo ija. Ama NyaManda sankatsikira kugombe, mchenga unkawapweteka bondo. Tsiku limenelo anatsika.

"Ada Longwe, dikirani dzuwa likwere pang'ono. Ola limodzi basi. Dzulo madzulo ndinaona mitambo ya m'munsi itaunjikana kumwera, ndikufuna ndione yagona pati."

A Kondwani anatulutsa foni yawo msangamsanga, anali atakonzeka.

"Ama, taonani nokha. Infuraredi iyi, yangolowa kumene. Nyanja yonse yakuda bii, kulibe ndi kamtambo komwe."

"Ndaiona, mwana wanga, ndaiona iwe usanadzuke. Nanga mbuu uyu kumunsi kuno ndi chiyani?"

"Ndi galasi lada limenelo."

"Pukuta."

Anapukuta pa malaya. Mbuu uja sanachoke. Wina m'boti anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunaononga zonse, chifukwa ndinaona khosi la a Kondwani likuuma.

"Ku loji timaona chomwechi tsiku lililonse, palibe mlendo anamirapo."

"Alendo ako amafika pa mwala apo n'kubwerera kukadya mazira. Chithunzi chimenecho ndi dzanja, chimamva zozizira za kumwamba. Mwera sabwera ndi mitambo ya kumwamba, amabwera chokwawa. Dikira maso atseguke."

"Amayi athu agona pa mphasa opanda bokosi, inu mukuti tidikire chithunzi? Tikachedwa ola limodzi, mphepo ya masana itipeza pakati. Mudzatiwolotsa ndinu?"

"Chikakhala chopanda mitambo mwataya ola limodzi. Chikakhala mmene ndikuopera, simupita n'komwe."

Mawu akuti simupita, pa maliro a mayi wa anthu, anagwa ngati mbale yosweka. A Eliza, mlongo wawo wa bambo a Wezi, anayamba kulira mokweza kuti amayi anga ine, akukanizani ndi bokosi lomwe. Ine ndinayang'ana ada Longwe. Anali ataima m'madzi olekeza m'kakolo, nkhope kumwera, ndipo ndinaona chimene iwo ankamva: madzi osalala aja ankakwera pang'onopang'ono n'kutsika, opanda thovu, kumbuyo kwa boti kukunyamuka ngati chifuwa cha munthu wogona.

"Ada," anatero ama NyaManda, "phazi likuti chiyani lero?"

Ada Longwe sanatembenuke. "Lero phazi lilibe mawu, ama. Maliro ndi maliro."

Apo ama NyaManda anasiya kukangana. Nkhope inafewa, ndinadabwa. Anandiyandikira n'kunena mokoma kuti tabwera naye kuno mwanayo ndimutsanzike. Ndinamumasula, ndinawapatsa. Anamupsompsona pamutu, anawerama, anamuponya kumsana kwawo mmene amachitira mayi wobereka ana asanu, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kumanga mfundo ziwiri pachifuwa, anatola ndodo, anatembenuka, n'kuyamba kukwera mtunda. Pang'onopang'ono, bondo likukoka mchenga.

"Ama! Mwana wa eni ake ameneyo!" anakuwa a Kondwani.

"Bwera udzamumasule wekha."

Sanacheuke n'komwe. Ndipo ndani angagwire mfundo ya chitenje pachifuwa cha mayi wokalamba, pamaso pa anthu, tsiku la maliro? A Kondwani anayenda masitepe atatu n'kuima. Onse anatembenukira kwa ine, ena akuti thamanga, ena akuti ndi chipongwe chanji chimenechi. Ine ndinayang'ana bambo a Wezi. Anali akukulunga chingwe cha nangula, maso pansi, chingwe chomwecho kukulunga n'kumasula, kukulunga n'kumasula.

"Pita ukamutenge mwana," anatero mokweza kuti onse amve. Kenako motsitsa, milomo yokha: "Usathamange."

Sindinathamange. Ndinawapeza pa njira ya m'chinangwa akupuma movutika, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunali kozizira, Wezi akuseweretsa ndolo yawo. Kumbuyo ndinamva injini ikulira.

"Akadzabwera ukawauze kuti ndinakulanda," anatero. "Dzina langa linaipa kale, lako likadali latsopano."

Tinakhala pa chulu, iwo pa kampando, ine pansi, mwana akadali kumsana kwawo chifukwa anakana kumumasula mpaka boti litasanduka kadontho. Ankayang'ana wotchi, kuyang'ana foni, kuyang'ana wotchi. Chithunzi cha maso chinali chakuda, kenako chotuwa mbali ya kuvuma, kenako dzuwa litakwera chinatseguka. Iwo anangondipatsa foni.

Ndinaona mizere. Kumwera konse kwa nyanja, pamene chithunzi cha dzanja chinkangoonetsa mbuu, panali mizere yoyera yopyapyala, yambirimbiri, yofola mowongoka kuchokera kumwera kuloza kumpoto ngati munda wolimidwa kumene. Anadikira china, n'china, n'kuzitsegula motsatizana, ndipo mizere ija inkakwawa kukwera nyanja, kulondola kumene boti linapita. Ndinafunsa kuti ama, ifika nthawi yanji. Anati sindikudziwa, ndipo aliyense wokuuza ola lenileni akunama, koma iwapeza asanafike.

Anaimbira bambo a Wezi, foni yosayankhidwa. A Kondwani, yosayankhidwa. Mafoni onse anali atakulungidwa m'mapepala apulasitiki pansi pa ndowa kuopa madzi. Ndiye anaimbira anthu a padoko ku Nkhata Bay, ndipo ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo, mawu a ku ntchito, osakuwa, osatukwana: mtundu wa boti, lanyamuka nthawi yakuti, likuloza kwakuti, lalemedwa ndi nkhuni, mphepo ikalipeza lidzathawira kumpoto, yang'anani magombe a kumeneko. Atamaliza anayang'ana wotchi, inali eyiti koloko, anatsika pa chulu kukasuzumira m'chitini n'kulemba ziro. Ine ndinafuna kuwamenya. Pambuyo pake ndinaona m'kope kuti ziro uja anatuluka wokhotakhota ngati dzira losweka.

Isanakwane teni masamba a mango anatembenuka, nyanja inada, mitu yoyera inayamba kuphulika kutali. Za tsiku lonselo sindilemba. Ndinayamwitsa, ndinasanza, ndinayamwitsanso.

Uthenga unafika dzuwa litapendeka kuti boti lakocheza pa gombe lina kumpoto, kutali ndi kumene linkapita, onse amoyo. Zina zonse anandiuza bambo a Wezi patapita masiku, pang'onopang'ono, akuyang'ana khoma. Ada Longwe ataona kuti sangawoloke anatembenuza boti n'kuthawa pamodzi ndi mafunde. Anataya nkhuni. Anataya ufa. Madzi akulowabe, amuna akukapa ndi mapoto, anataya matabwa a bokosi la amayi awo, a Kondwani ndi manja awo. Ndipo a Eliza, amene anasunthira pa malo amene ndikanakhala ine, anali atabereka chikwama cha zovala kumsana ndi chitenje, mfundo pachifuwa monga timaberekera ana. Funde limodzi linabwera cham'mbali, linawagwetsera pa matumba, podzuka chitenje chinali m'chiuno, kumsana kulibe kanthu. Bambo a Wezi atafika pamenepa anatuluka panja.

Mukuganiza kuti anabwera kudzathokoza? Apongozi anga anaikidwa tsiku lotsatira m'bokosi lokhomedwa ndi zitseko ziwiri, mwana wawo ndi mmodzi yemwe palibe, ndipo ululu umenewo unafuna pogwera. Unagwera pa ama NyaManda. A Kondwani anati akanapanda kutichedwetsa ndi makani tikanawoloka, chonsecho makaniwo sanathe ndi mphindi khumi zomwe. A Eliza anati pakamwa pa mayi ameneyu ndi pamene panaitana mphepo, munthu anganene bwanji kuti simupita, n'kusapitadi. Ine ndinachita mantha, ndinanena zimene anandiuza, kuti anandilanda mwana. Ndinanena kawiri, katatu, kwa aliyense wofunsa. Lero ndikubweza mawu amenewo. Sanandilande. Mfundo ya chitenje changa ndinamasula ndekha, ndipo pomasulapo ndinkadziwa.

Mvula itachedwa mu Disembala nkhani inakula. Kunamveka kuti chitini cha m'munda chija ndi chimene chikumanga mvula, ndipo foni ija amayankhulira ndi zakumwamba. Tsiku lina tinapeza kampanda kathyoledwa. Iwo sanabisale m'nyumba. Lamulungu anazula chitinicho, anachinyamula pamutu ngati ndowa mpaka pa bwalo la tchalitchi, anachiika pansi anthu akutuluka, n'kuuza aliyense kuti asuzumiremo, alowetse dzanja, anunkhize. Anati akanakhala ndi mphamvu yomanga mvula akanayamba ndi ya pa denga lawo, limene limadontha pa bedi penipeni chaka chilichonse. Ena anaseka, ena anazemba. Ada Longwe okha ndi amene anawerama, ananyamula chitinicho, n'kuwaperekeza nacho mpaka kumunda. Mawa lake anabwera ndi bango kudzamanga kampanda.

Bambo a Wezi sanawaikire kumbuyo pagulu ngakhale tsiku limodzi, ndi munthu woopa akulu ake. Koma mwezi wa Janyuwale anabwera ndi foni yogula kwa munthu, galasi long'aluka pakona, anaiika pa mphasa pafupi ndi ine n'kunena kuti upite nayo kwa ama akaikemo za zithunzi zija. Kuyambira pamenepo ama NyaManda anasiya kundionetsa, anayamba kundifunsa. Ankandipatsa zithunzi ziwiri, iwo n'kutseka maso, kuti ndinene. Ndikayamba ndi mawu akuti ndikuganiza, ndodo inkagunda pansi. Ankafuna ndiyambe ndi chimene ndaona pa cha maso, kenako chimene ndaona pa cha dzanja, kenako pamene ziwirizo zikutsutsana, ndipo pomaliza ndinene poyera chimene sindikudziwa. Atagona osadzukanso, miyendo itatupa, ankandituma kukasuzumira m'chitini, ndipo ndikabwera funso linali limodzi, ngati ndapita eyiti koloko yeniyeni kapena ndayamba ndatsuka mbale. Tsiku lomaliza kuyankhula anandikalipira chifukwa ndinalemba ziro wopanda deti.

Dzulo a Kondwani anabwera kunyumba. Anakhala pa mpando, ine pa mphasa, bambo a Wezi pakhomo akusoka ukonde umene sunang'ambike.

"Mlamu, Loweruka tinyamuka kukangoyera. Ulendo uno palibe wokulandani mwana."

Ndinakhala tsonga n'kuwayankha.

"Alamu, ku chiliza ndikufuna kupita, amayi aja ndinawalakwira kamodzi. Koma ndidzakwera dzuwa likatuluka, ndikaona zithunzi zonse ziwiri. Zikagwirizana kuti kuli bwino, ndi phazi la ada Longwe likavomera, ndidzakhala woyamba kulowa m'boti."

"Mwayamba kuyankhula ngati malemu."

"Yewo, alamu," ndinathokoza.

Sanaseke. Anayang'ana mng'ono wawo, mng'ono wawo anayang'ana ukonde. Sindikudziwa ngati adzadikira. Sananene kuti inde, sananene kuti ayi, anangotsanzika.

Lero m'mawa ndinapita pa chulu. Abale awo anagawana katundu, kampando kanapita, wotchi inapita, foni inabwerera ku tawuni, makope onse a mvula anawamanga ndi chingwe n'kuwaponya pamwamba pa kabati m'nyumba yokiya. Chitini anachizula, ndinachiona kwa ena ake chikumwera nkhuku. Chinangwa chawo chakula chopanda wopalira, njira ya pakati yayamba kutsekeka, umadutsa masamba akukukwapula m'mapewa. Mtengo wa chitini ulipo, uli chiimire m'kampanda ka ada Longwe, pamwamba pake misomali iwiri yopanda chogwira. Pa chulu pali timaenje tinayi ta miyendo ya kampando, ndi kena kachisanu pambali, kozama kuposa tonse, pamene ankazika ndodo. Chiswe chayamba kutseka tinayi tija. Kachisanuko ndinakafukula ndi chala.

Netiweki ikugwirabe pamenepo. Ndinaima pambali pa timaenjeto, sindinaponde pakati, Wezi kumsana, mfundo ziwiri pachifuwa, n'kudikira kuti cha maso chitseguke. Loweruka ndidzaima pomwepo. Injini ikadzalira kugombe dzuwa lisanatuluke, idzalire.